Ulendo wa Blantyre mpaka Mzuzu pa Vitz: chimamwetsa mafuta n'chiyani?

Achimwene, mwafunsa ngati Vitz yanu ya injini ya 1.0 ingathe ulendo wa Blantyre mpaka Mzuzu mutakweramo anthu asanu, inuyo, alamu athu, ana awiri ndi apongozi anu, komanso kuti mukonze malita angati a petulo. Mwatinso mukuganiza zomanga katundu padenga ndi kuzimitsa AC njira yonse kuti mafuta asathe msanga. Galimotoyo ikafika bwinobwino, pamenepo mtima ukhale m'malo. Koma pa mfundo ziwiri zomalizazo ndikupemphani musinthe maganizo. Katundu wa padenga ndi liwiro ndi zomwe zidzakuthereni mafuta, pomwe AC mukufuna kuzimitsayo ndi imene idzathandize kuti apongozi ndi ana akafike asanalefuke.

Tiyambe ndi masamu. Kuchoka ku Blantyre kudzera pa Zalewa mpaka Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 310, ndipo kuchoka ku Lilongwe kudzera ku Kasungu ndi Jenda mpaka Mzuzu ndi pafupifupi 360. Onse pamodzi tingoti 670. Vitz yodzaza chonchi, m'zitunda za kwathu kuno, ine ndimaiwerengera makilomita 14 pa lita imodzi. Ikhoza kuchita bwino kuposa apo, koma pokonza ndalama ndi bwino kuti zitsale kusiyana n'kuti zipelewere. Ndiye kuti kupita kokha ndi malita pafupifupi 48, kupita ndi kubwera 96, ndipo mukaonjezera maulendo a m'tauni ya Mzuzu ndi okaona abale, konzani ndalama ya malita 110. Muchulukitse ndi mtengo womwe bungwe loona za mafuta la MERA lalengeza pa nthawi yomwe mukunyamuka. Thanki ya Vitz imalowa malita 42, choncho thanki imodzi sikufikitsani. Mudzaze ku Blantyre dzulo lake, mudzazenso ku Lilongwe, ndipo mukapeza mafuta ku Kasungu popanda mzere wautali, onjezerani ngakhale muvi usanatsike kwambiri. Tonse tikudziwa mmene mafuta amasowera nthawi zina dziko muno, ndipo ukadutsa Jenda malo omwetsera mafuta amatalikirana. A m'zigubu m'mbali mwa msewu apeweni, chifukwa simudziwa chomwe asakanizamo, ndipo kainjini kakang'ono sikachedwa kudandaula. Chigubu cha petulo m'buti ya Vitz nachonso ayi. Buti yake ndi chipinda chimodzi ndi momwe mwakhala anthu, fungo lonse likathera m'mphuno za ana.

Mwina munaona pa intaneti kuti galimotoyi imayenda makilomita oposa 20 pa lita. Manambala amenewo amapezeka poyesa galimoto ku Japan, ilibe katundu, popanda chitunda cha Dedza kapena mahampu a pa Lunzu. Komanso petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wa Ethco ku Dwangwa, yomwe inayamba mu 1982, ndi wa PressCane ku Chikwawa. Lita ya ethanol ili ndi mphamvu yochepa poyerekeza ndi lita ya petulo, pafupifupi magawo awiri mwa atatu, ndiye makilomita amatsikako pang'ono. Musathamangire kwa makaniko poganiza kuti injini yafa. Ngati mukufuna kudziwa zoona za galimoto yanu, dzazani mpaka pampu idule yokha, bwezani kowerengera makilomita pa 0, ndipo mukadzazanso ku Lilongwe mugawe makilomita mwayendawo ndi malita alowawo. Nambala imeneyo ndiyo muidalire pa gawo lotsala la ulendo.

Tsopano nkhani yaikulu, liwiro. Galimoto ikamathamanga imakankha mphepo, ndipo mphamvu ya mphepoyo sikwera pang'onopang'ono ayi. Mukachoka pa 80 kufika pa 110, mphepo yolimbana nanu imakula pafupifupi kawiri. Galimoto ya injini yaikulu siimva kwenikweni, koma ya masilinda atatu ngati yanuyi imayamba kulira, ndipo mafuta amangotsanulidwa. Phindu lake ndi lochepa zedi. Pa makilomita 100, woyenda pa 110 amaposa woyenda pa 85 ndi mphindi 16 zokha, ndipo zimenezo ndi pa msewu wopanda chododometsa chilichonse. M1 si msewu wotero. Mukangotuluka mu Blantyre muli pa Lunzu, kenako Lirangwe, Zalewa, Phalula, Manjawira, Ntcheu, Lizulu, Dedza, Linthipe, Nathenje, ndipo paliponse pali zikwangwani zotsitsa liwiro, akabaza, ana asukulu ndi apolisi apamsewu. Wothamanga uja mukamupeza ataima pa chipata cholipira cha Chingeni kapena cha Kalinyeke, mafuta atawotcha kale. Yendani pakati pa 80 ndi 90 pomwe zikwangwani zikulola, phazi likhazikike, ndipo muziona patali. Mukaona msika kapena hampu kutsogolo, chotsani phazi pamoto msanga galimoto izitsika yokha liwiro. Nthawi iliyonse mwaponda buleki mwamphamvu, mwataya mafuta omwe munawotcha kale pokweza liwirolo.

Kupitirira mathiraki ndi pomwe galimoto yaing'ono yodzaza imafuna kuleza mtima. Ilibe mphamvu yotulukira mwachangu, makamaka pachitunda. Dikirani malo owongoka pomwe mukuona kutali, ndipo ngati AC ili yoyatsa, izimitseni kwa kamphindi kameneko kuti mphamvu yonse ipite kumatayala.

Za kaliyala wa padenga ndanena kale maganizo anga. Masutikesi ndi matumba pamwamba pa Vitz zili ngati munthu wosenza lata kukuwomba mphepo: amayenda, koma movutika, ndipo amadzandira. Mafuta amakwera, galimoto imapepeluka mukadutsana ndi basi yaikulu, ndipo pokhota imapendekeka kuposa masiku onse. Anthu asanu ndi katundu wokwana kale kwa galimoto imeneyi. Chikalephera kulowa m'buti, chitumizeni pa basi dzulo lake, wina akachilandire ku Mzuzu. Ndalama yotumizira siingapose mafuta ndi mashokabu omwe mungawononge. Muganizirenso za pobwerera, poti kwathu kuno mlendo sabwerera chimanjamanja. Thumba limodzi la chimanga kapena mpunga ndi makilogalamu 50, kulemera kwa mwana wamkulu ndithu. Mukalandira awiri, Vitz idzakhala pansi kumbuyo, ndipo pahampu iliyonse mudzamva ikukhula. Landirani mphatsozo ndi manja awiri, koma zikwere basi.

Matayala anthu ambiri sawalabadira, chonsecho ndi pomwe mafuta amathera mwakachetechete. Tsegulani chitseko cha dalaivala, pamphuthu pake pali kapepala komatidwa kosonyeza mpweya woyenera. Manambala ake amakhala mu kPa, pomwe mapampu ambiri kuno amawerenga psi. Mwachitsanzo 230 kPa ndi pafupifupi 33 psi. Pimitsani m'mawa matayala asanatenthe, ndipo musalole wopopa kungomenya tayala ndi dzanja n'kunena kuti lili bwino. Tayala lopelewera mpweya limalemetsa galimoto, limatentha, ndipo likagwa m'dzenje limang'ambika m'mbali. Onaninso mtundu wa matayalawo. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zimabwera ndi matayala oyendera pa chipale, olembedwa kuti studless. Labala yake ndi yofewa, pa phula lotentha amatha msanga ndipo sagwira bwino mukaponda buleki. M'mbali mwa tayala mulinso manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe linapangidwa, monga 2318 kutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Tayala lokalamba, ngakhale mapanda ake akuoneka, si loyendera ulendo wonyamula banja. Sipeya nayo muitulutse muione. Ngati ndi kaja kakang'ono kopyapyala, sikayenera kupitirira 80, ndipo ntchito yake n'kukufikitsani pomatitsa basi. Jeke ndi sipanala muziyese muli pakhomo.

Kwa makaniko pitani sabata imodzi ulendo usanafike, osati dzulo lake, kuti ngati china sichinamangidwe bwino chionekere muli m'tauni. Aone oyilo, mapulagi, mabuleki, madzi a m'rediyeta ndi sefa ya mpweya, yomwe ndi fumbi lathuli imatsekeka msanga.

Tibwere ku AC. Zoona, imadya mafuta, ndipo pa injini yaing'ono mumamva ndithu kuti mphamvu yatsika. Koma mukaizimitsa mudzatsegula mawindo onse, ndipo pa liwiro la 80 kapena 90 mphepo yolowa m'galimoto nayo imakoka, kuphatikiza phokoso ndi fumbi kwa maola khumi. Phokoso limatopetsa woyendetsa kuposa mmene anthu amaganizira. Chomwe ndingachite ndi ichi: m'mawa kukuzizira, komanso kumtunda kwa Dedza ndi Chikangawa, AC siifunika n'komwe. Pa Zalewa ndi Phalula, ndiponso masana pakati pa Lilongwe ndi Kasungu, iyatseni, mawindo atsekedwe, ndipo dinani batani loti mpweya uzizungulira m'kati momwemo kuti makina asamalimbane ndi mpweya wotentha wakunja. Pa chitunda chachitali izimitseni, mukafika pamwamba muyatsenso. Malita ochepa omwe ingadye pa ulendo wonse ndi aphindu kuposa kufikitsa mayi wachikulire atatupa miyendo, mutu ukuwawa.

Pali chizolowezi china chomwe ndikuchonderera kuti musatengere, choika galimoto pa N, kutanthauza kuichotsa m'giya, potsetsereka ati kusunga mafuta. Injini za masiku ano zimadula zokha mafuta mukachotsa phazi pamoto galimoto ili m'giya. Mukaika pa N injini imafunanso mafuta kuti isazime, ndiye palibe chomwe mwapindula, koma mwasiya mabuleki okha kuti agwire galimoto yodzaza. Mabuleki akatentha amaleka kugwira. Pa mitsetse ya Linthipe ndi ya m'Chikangawa tsitsani giya, pa otomatiki ikani pa B, S kapena L malinga ndi zomwe zalembedwa pa yanuyo, injini izithandiza kugwira. Ngati mudzapitirire mpaka ku Karonga, mtsetse wa Chiweta ndiye wofunika ulemu woposa.

Ena akuuzani kuti mudzere msewu wa kunyanja, wa M5, wodutsa Salima, Nkhotakota, Dwangwa ndi Nkhata Bay, poti ndi wosalala ndipo zitunda n'zochepa. Ndi njira yokongola, koma kumatentha, ndiye AC idzagwira ntchito tsiku lonse, ndipo nthawi ya mvula mitsinje ya kumeneko imasefukira n'kuwononga msewu. Vitz ndi yaifupi pansi, matayala ake ndi ang'onoang'ono, maenje saipatsa mtendere. Kwa banja ine ndingasankhe M1, ndipo musananyamuke funsani madalaivala a mabasi omwe adutsamo sabata yomweyo kuti akuuzeni pomwe pali maenje kapena pomwe akukonza msewu. Pofika ku Lilongwe gwiritsani ntchito msewu wolambalala womwe umayambira pokhotera ku Bunda, kuti musakaime pa mndandanda wa galimoto m'tauni injini ikungoyaka.

Pa kakhalidwe m'galimoto, apongozi akhale kutsogolo, mpando ubwezedwe pang'ono, poti kumbuyo kwa Vitz anthu atatu amapanikizana ndipo munthu wachikulire amavutika kutambasula miyendo. Alamu akhale ndi ana kumbuyo, aliyense ndi lamba wake, wina asafukate mwana pampando wakutsogolo. Pansi pa mapazi pasakhale zikwama. Chitenje chimodzi chipachikeni pawindo lakumbuyo la mbali yomwe kukuchokera dzuwa, madzi akumwa akhale pafupi, ndi kapilo kakang'ono koika kumsana kwa woyendetsa, chifukwa mipando ya galimoto zimenezi anaipangira maulendo a m'tauni. Imani pakatha maola awiri aliwonse, ku Ntcheu, ku Dedza kapena Lilongwe, ku Kasungu, pa Jenda, ndipo aliyense atsike ayendeko. Inuyo oyendetsa musadye nsima yambiri masana, tulo take timabwera mosagogoda. Mbatata ndi kabichi za pa Lizulu mudzagule pobwerera, ngati malo alipo.

Mapepala akhale pamalo amodzi osavuta kutenga: laisensi, inshuwalansi ndi COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) zosatha masiku, pamodzi ndi matrayango awiri, chozimitsira moto, ndi ndalama yapamanja ya pa zipata ziwiri zolipira zija. Pa Zalewa ndi pa Jenda pali apolisi, ndipo munthu wokonzeka sachedwapo.

Ndi kupuma komwe, ulendowu muuwerengere maola 11 kapena kuposerapo. Mukanyamuka 5 koloko m'mawa mukhoza kulowa mu Mzuzu dzuwa lisanalowe, ndipo zimenezo n'zofunika chifukwa gawo lovuta lili kumapeto, pomwe thupi latopa kale. M'Chikangawa msewu ndi wokhotakhota, chifunga chimagwa mwadzidzidzi, mumayenda malole a matabwa, ndipo thiraki yowonongeka nthawi zambiri chizindikiro chake ndi nthambi za mitengo zoyalidwa pamsewu. Usiku simungazione msanga, monganso njinga ndi ngolo zopanda nyali. Ngati 2 koloko masana yakwana musanadutse Kasungu, gonani pomwepo mudzapitirize m'mawa. Ndipo ngati woyendetsa ndinu nokha, alamu alibe laisensi, ine ndingakonde kuti muugawe ulendowu pawiri kuyambira pachiyambi: tsiku loyamba mukagone ku Lilongwe, mudzaze thanki madzulo omwewo, lachiwiri mudutse Chikangawa dzuwa lili pamutu.