Subaru, Golf, 86 kapena Mark X: ndalama ya kachewere ipite kuti?

Funso: Ndine mnyamata wa ku Lizulu. Ndimagula kachewere kwa alimi a ku Tsangano n'kumakagulitsa ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Zinthu zandiyendera ndithu, moti ndikufuna kuitanitsa galimoto yothamanga kuchokera ku Japan. Anzanga akukangana: ena akuti Subaru WRX STI, ena Golf GTI, ena Toyota 86, enanso Mark X. Kodi yaliwiro kwambiri ndi iti, nanga ingabweze ndalama ndikamaichititsa hayala pa maukwati?

Yankho: Achimwene, pa liwiro mkangano wa anzanuwo ndi wosavuta kuuthetsa. Subaru WRX STI ndiyo ili patsogolo. Ya ku Japan ya m'zaka za 2007 mpaka 2014 ili ndi injini ya malita 2.0 ya turbo yotulutsa mphamvu ya horsepower 308, imakoka ndi matayala onse anayi, ndipo ikanyamuka imafika 100 km pa ola m'masekondi pafupifupi 5. Golf GTI ya m'zaka za 2009 mpaka 2012 ili ndi 210 ndipo imatenga pafupifupi masekondi 7. Toyota 86, yomwe inatuluka mu 2012, ili ndi 200 popanda turbo, ndipo kukoma kwake kuli pokhota, osati pamsewu wowongoka. Mark X ya malita 2.5 ya kuyambira 2009 ili ndi 203 koma ndi yolemera, choncho imabwera kumbuyo. Dziwaninso kuti galimoto zopangidwa ndi makampani a ku Japan zogulitsa kwawoko amazitsekera pa 180 km pa ola, ndiye amene akukuuzani za 250 akunena za galimoto ina.

Tsono funso langa ndi ili: masekondi ochepa osiyanawo mukawagwiritsa ntchito pati? Msewu wanu ndi M1. Pa Lizulu tsiku la msika mumadutsa pakati pa madengu a kabichi, njinga za kabaza ndi ana owoloka mosayang'ana. Kutsogolo kuli mahampu, maenje, ng'ombe, nkhungu ya ku Dedza nyengo yozizira, ndi apolisi a pamsewu ndi kamera yawo. Toyota 86 ndi yotsika kwambiri, masentimita 13 okha kuchoka pansi. Pa hampu iliyonse mudzamva ikukhula mimba, ndipo njira za kuminda kumene mumakagula kachewere nthawi ya dzinja siingayerekeze n'komwe.

Mtengo umene mukuuona pa intaneti ndi poyambira chabe. Pali ndalama ya sitima kufika ku Dar es Salaam, woiyendetsa kudzera pa Songwe, ejenti wokutulutsirani pa kasitomu, msonkho wa MRA, nambala, COF ndi inshulansi. Msonkhowo umakwera injini ikamakula komanso galimoto ikamakalamba, ndiye musakopeke ndi Mark X ya malita 3.5 ngakhale ili ndi horsepower 318. Musanatumize ndi tambala yomwe, ejenti akuwerengereni zonse papepala pa galimoto iliyonse mwa zinayizi.

Chimene chimasaukitsa eni galimoto zotere n'chakuti ndalama imapitirira kutuluka galimoto itafika kale. STI, GTI ndi 86 anazipangira petulo wapamwamba amene ku Japan amagulitsidwa papampu yakeyake, pomwe kuno petulo ndi wa mtundu umodzi. Injini ya turbo ikamamwa petulo wosayenera uku mukuiponda kwambiri, siichedwa kudwala. Giyabokosi yosintha magiya yokha ya mu Golf, yotchedwa DSG, imafuna oilo wake ndi makaniko wa kompyuta, ndipo ikavuta muli pa Tsangano Turn-off mudzalipira galimoto yoikokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Masipeya ambiri ndi ochita kuitanitsa ndi madola. Mukukumbuka Novembala 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti: chipangizo chilichonse chochokera kunja chinakwera, koma ogula kachewere sanakuwonjezereni mtengo tsiku lomwelo. Mark X ya 2.5 ya kuyambira 2009 anaikonza kuti izimwa petulo wamba, amakaniko athu amaidziwa, masipeya ake amapezeka, ndipo tsiku limene mwapanikizika wogula simumusaka nthawi yaitali. STI imadikira munthu mmodzi woikonda, ndipo iyeyo akadziwa kuti mwapanika amakugwetsani mtengo.

Za maukwati musaziwerengere ngati bizinesi. 86 ili ndi zitseko ziwiri, ndipo mkwatibwi wovala diresi lake ndi velo sangakwane kumbuyoko. Mdipiti wa ukwati umayenda pang'onopang'ono ndi mahutala, liwiro silifunika. Mark X yoyera, yotsukidwa bwino, ingapeze hayala m'miyezi ya chilimwe anthu akakolola, koma ndalamayo ingothandiza pa petulo ndi matayala. Mtengo wa galimoto siingabweze.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mpamba wanu. Simunandiuze ngati matumba anu mumanyamula pa lole yanu kapena ya hayala. Ngati ndi ya hayala, ndalamayi ipite kaye ku Toyota Dyna kapena Isuzu Elf, chifukwa imeneyo ulendo uliwonse ikusungirani ndalama imene mumapatsa eni malole, ndipo pobwerera inganyamule feteleza wa alimi anu omwewo. Ngati lole muli nayo kale, patulani mpamba wonse wogulira kachewere wa nyengo ikubwerayi, musaukhudze. Pa yotsalayo muchotseponso ya petulo, matayala ndi sevisi ya chaka chathunthu. Yotsala pamenepo ndiyo ya galimoto, ndipo ngongole ya kubanki kapena ya katapila isalowepo. Ikakwana, ine ndikusankhirani Mark X 250G, ya malita 2.5 ija. Ikapanda kukwana, dikirani mugulitse kachewere wa nyengo inanso, kenaka mundilemberenso mitengo imene ejenti wakupatsani tidzawerengere limodzi.