Funsani za Kamera: Sony A7R V kapena Nikon Z8, ndalama ipite kuti?

FUNSO: Akonzi, ndimajambula zinkhoswe ndi maukwati kuno ku Ntcheu, ndipo chaka chilichonse ndimakajambula ngoma pa Umhlangano ku Nkolimbo. Ndili ndi Nikon D750 ndi malenzi ake atatu. Tsopano ndapeza mwayi wojambula zithunzi za makalendala ndi zikwangwani. Achimwene anga ali ku Johannesburg ndipo akuti andigulira kamera imodzi, Sony A7R V ya mamegapikseli 61 kapena Nikon Z8 ya 45.7. Mtima wanga uli pa Sony chifukwa cha mapikseli ambiriwo. Ndisankhe iti?
Wojambula wa ku Ntcheu Boma

YANKHO: Bambo, tengani Nikon Z8. Tikudziwa kuti nambala ya 61, kutanthauza timadontho 61 miliyoni topanga chithunzi, ndi imene yakukokani, choncho tiyambire pomwepo.

Chithunzi cha Sony chili ndi timadontho 9,504 m'litali ndi 6,336 m'lifupi. Cha Nikon chili ndi 8,256 ndi 5,504. Mukayeza m'litali mokha muona kuti Sony yaposa ndi 15 pa 100 alionse basi. Mukasindikiza pa timadontho 300 pa inchi, womwe ndi muyezo wa kalendala yabwino imene munthu amaiyang'ana ataima pafupi, Sony ifika masentimita 80 m'litali ndi 54 m'lifupi, pamene Nikon ifika 70 ndi 47. Pepala la A2 ndi masentimita 59.4 ndi 42, ndiye makamera onse awiri akulidzaza n'kutsalako. Chikwangwani cha m'mbali mwa msewu wa M1 chisakuopseni n'komwe. Anthu amachionera patali ali m'minibasi, osindikiza amachiika pa timadontho tochepa kwambiri pa inchi, moti ngakhale D750 yanu ya mamegapikseli 24 ingachikwanitse.

Kusiyana kumene kudzakhudze ntchito yanu kuli mkati mwa sensa, kachipangizo kolandira kuwala m'kamera. Onse awiri ndi a full-frame, kutanthauza sensa ya mamilimita pafupifupi 36 ndi 24, yofanana kukula ndi ya D750. Koma sensa simeza chithunzi chonse kamodzi, imachiwerenga mzere ndi mzere. Ya Z8 imamaliza kuwerenga m'kanthawi ka pafupifupi 1/270 ya sekondi, ndipo n'chifukwa chake a Nikon anachotseratu shata yamakina m'kamera imeneyi. Ya A7R V imatenga pafupifupi 1/10 ya sekondi. Pa chinthu chongokhala phee zilibe kanthu. Koma Mngoni akuponda ngoma, chishango kumanzere, chibonga chikuzungulira m'mwamba, mukamujambula ndi shata yachete ya Sony chibongacho chidzatuluka chopindika ngati uta, chifukwa chinasuntha pamene sensa inali ikadawerenga. Mankhwala ake ndi kubwerera ku shata yamakina, imene imalira ndipo malire ake ndi zithunzi 10 pa sekondi. Z8 imajambula 20 pa sekondi mu RAW (fayilo yosakonzedwa yochokera pa sensa), popanda phokoso, ndipo poonera sipachita mdima pakati pa chithunzi ndi chinzake. M'tchalitchi pa nthawi ya malumbiro, pamene abusa sakufuna chowasokoneza, mudzayamikira zimenezi kuposa mapikseli.

Chachiwiri ndi malenzi anu atatu aja. Auzeni achimwene agule pamodzi ndi adaputala ya FTZ II, yolumikizira malenzi a D750 pa Z8. Malenzi olembedwa AF-S kapena AF-P adzagwira fokasi okha monga mwa masiku onse. Olembedwa AF-D, amene alibe injini yawoyawo mkati, adzalowa ndithu koma fokasi muzipotokola ndi dzanja. Fulashi yanu ya Nikon idzagwiranso. Mukapita ku Sony muyambira pansi, ndipo malenzi awiri okha a Sony a ntchito ya ukwati, 24-70 ndi 70-200 a f/2.8, mtengo wake pamodzi umaposa wa kamerayo. A Sigma ndi a Tamron ngotsikirako mtengo, komabe ndi ndalama imene panopa simukuyenera kutulutsa. Makamera enieniwo sanasiyane kwenikweni mtengo potuluka: Sony inatuluka mu 2022 pa madola pafupifupi 3,900, Nikon mu 2023 pa madola pafupifupi 4,000.

Zovuta za Z8 tisakubisireni. Ndi yolemera, magalamu 910 pamene Sony ndi 723, ndipo pofika nthawi ya perekani-perekani khosi lidzakhala litamva. Imadyanso batire: pa muyezo wa CIPA, bungwe la opanga makamera, imapereka zithunzi pafupifupi 340, Sony pafupifupi 530. Pa ntchito yeniyeni mudzaposa nambala zimenezi, makamaka mukamajambula motsatizana, komabe musapite ku ukwati wa ku Tsangano kapena ku Kasinje, kumene mwina simupeza potchajira, muli ndi mabatire ochepera anayi. Batire yake ndi EN-EL15c. Onani zolembedwa pa amene muli nawo kale. A EN-EL15a ndi EN-EL15b amagwira, ngakhale amatha msanga. Kamerayi ili ndi mabowo awiri a USB-C, limodzi la magetsi okha, ndiye pawa banki ya mtundu wa PD ingakupulumutseni.

Chenjeraninso ndi magetsi a LED a m'holo ndi m'tenti. Amaphethira mofulumira kuposa mmene diso lingaonere, ndipo nthawi zina amasiya mizere yakuda yopingasa pa chithunzi. Magetsi athu ndi a 50 Hz, choncho yambirani pa shata ya 1/100 kapena 1/50. Akwati asanalowe, jambulani khoma loyera kapena nsalu ya tebulo n'kuyang'ana. Mizere ikakhalapobe, tsegulani High-frequency flicker reduction n'kumasuntha liwiro la shata pang'onopang'ono mpaka izimirire.

FUNSO: Ine ndili ku Dedza. Sindijambula maukwati. Ndimajambula mapiri, mbiya ndi ziboliboli, ndipo ndikufuna kupanga zithunzi zazikulu zopachika pakhoma za zojambula za pamiyala ku Chongoni. Ndilibe lenzi iliyonse ya makamera awiriwa. Kodi yankho lake n'chimodzimodzi?
Mayi wa ku Dedza

YANKHO: Ayi mayi, inu tengani Sony A7R V. Zonse zimene mwatchula sizithawa, ndiye liwiro la Z8 mungalilipire pachabe. Kwa inu kadontho kalikonse kali ndi ntchito. Zojambula zofiira za Akafula pa Mphunzi n'zofifia, mizere yake ndi yopyapyala, ndipo kawirikawiri simungayandikire mmene mukufunira. Mukadula chithunzi cha Sony n'kusiya chapakati pokha, kukula kwa APS-C, mutsala ndi mamegapikseli 26. Pa Nikon mutsala ndi 19. Poonera pa Sony pali timadontho 9.44 miliyoni poyerekeza ndi 3.69 miliyoni pa Nikon, ndipo zimenezi zimathandiza poika fokasi ndi dzanja pa thanthwe lopanda m'mbali mooneka bwino. Sikirini yake imapindika mbali zonse, yabwino pojambula denga la phanga mutagwada. Komanso pokwera phiri la Dedza, magalamu pafupifupi 190 amene mwapungula mudzawamva m'miyendo.

Koma mapikseli 61 miliyoni sabwera okha, ndipo apa ndi pamene ambiri amakhumudwa. Timadontho ta sensa imeneyi ndi tating'ono, mamaikulomita 3.76, choncho kugwedezeka kumene sikunkaoneka pa kamera yakale pano kumaonekera poyera. Gulani thirayipodi yolimba, osati yopepuka ya foni. Ikani kamera idikire masekondi awiri mutadina, kuti dzanja lichokepo. ISO, muyezo wa mmene kamera imamvera kuwala, ikhale pa 100. Mukajambula pamanja, liwiro la shata likhale kawiri kutalika kwa lenzi: pa lenzi ya mamilimita 100 musatsike pansi pa 1/200, ngakhale kamerayi ili ndi chothandiza kuti chithunzi chisagwedezeke.

Pobowola pa lenzi napo pamanyenga anthu. Ambiri amatseka mpaka f/16 kapena f/22 poganiza kuti zonse zituluka zakuthwa. Kuwala kukamadutsa pa kabowo kakang'ono kumamwazika, ndipo pa sensa ngati iyi kufewa kumayamba kuoneka mukangopitirira f/8. Pofika f/16 mwataya zambiri zimene munagulira kamerayo. Khalani pakati pa f/5.6 ndi f/8. Ngati mbiya siikuthwa yonse kuyambira kukamwa mpaka kumimba, musatseke lenzi. Gwiritsani ntchito focus bracketing: kamera ijambula zithunzi zingapo ikusuntha fokasi pang'onopang'ono, inu n'kukaziphatikiza pa kompyuta. Lenzi yoyamba kugula ikhale ya macro, yojambulira zinthu pafupi kwambiri, ya mamilimita 90 kapena 105. Ndi yakuthwa mpaka m'makona ndipo sipinda mizere, ndiye igwira mbiya, ziboliboli ndi zojambula za pamiyala zomwe. Ya mapiri ibwere pambuyo.

Palinso pixel shift, imene imajambula zithunzi 16 n'kutulutsa chimodzi cha mamegapikseli 240 pa kompyuta. M'nyumba, pa chiboliboli ngati za ku Kungoni ku Mua, imachita zodabwitsa. Panja pali mphepo ndi masamba ogwedezeka, siyani.

Chongoni ili ndi malo 127 ndipo inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Zojambula zoyera n'za Achewa, zokhudza chinamwali ndi nyau, ndipo kwa anthu a kumeneko si zakale zokha. Pitani ndi wolondolera wa m'deralo, ndipo ngati zithunzizo n'zogulitsa yambani mwafunsa ku nthambi ya boma yoona za malo a mbiri yakale. Musathire madzi pa thanthwe kuti utoto uwale, ndipo musakhudze. Madzi amasungunula utotowo ndi kukokera mchere wa m'mwala pamwamba, ndipo zikawonongeka sizibwereranso. Dikirani kuwala kofewa kwa m'mawa, kapena tsiku la mitambo.

Chomaliza ndi nyengo ya kwanuko. Mu June ndi July, mukachoka panja pozizira ndi nkhungu n'kulowa m'nyumba yofunda, kamera imachita thukuta mkati. Isiyeni m'chikwama chotseka kwa theka la ola musanaitulutse. M'dzinja sungani malenzi m'bokosi lotseka bwino muli timapaketi ta silica gel, chifukwa nkhungu ikamera mkati mwa galasi, lenziyo yatha mtengo.

FUNSO: Laputopu yanga ili ndi RAM ya 8 GB. Ikwanitsa zithunzi za makamera amenewa?
Wowerenga wa ku Lizulu

YANKHO: Izitsegula, koma mudzatopa n'kudikira. Pamafunika 16 GB kapena kuposa, ndi SSD m'malo mwa hadi disiki yozungulira. Werengerani nokha: RAW ya Sony yopanikizidwa mosataya kanthu imakhala pafupifupi 70 MB, yosapanikizidwa imapitirira 120 MB. Ukwati wa zithunzi 1,500 pa 70 MB ndi 105 GB tsiku limodzi, ndipo muyenera kusunga pawiri. Nikon ili ndi RAW yopepuka yotchedwa High Efficiency, imene mtundu wake wolembedwa ndi chizindikiro cha nyenyezi umakhala pafupifupi 33 MB, ndiye ukwati womwewo ndi 50 GB. Sony nayo ikhoza kutsitsidwa kufika pa RAW ya mamegapikseli 26 pa ntchito zosafuna kukula.

Makhadi awo a CFexpress salowana. Sony ili ndi mipata iwiri ndipo uliwonse umalandira SD kapena CFexpress Type A, choncho mungayambe ndi ma SD awiri a UHS-II. Nikon ili ndi mpata umodzi wa SD ndi wina wa CFexpress Type B, ndiye kuti muzisunga pa makhadi awiri nthawi imodzi, zomwe wojambula ukwati sayenera kunyalanyaza, CFexpress ndi chowerengera chake muyenera kugula basi. Khadi yotsika mtengo modabwitsa ya pamsika ikayikireni. Zachinyengo zimalemba 128 GB pamwamba koma mkati muli malo ochepa, ndipo zikadzaza zimawononga zithunzi mwakachetechete.

FUNSO: Ndapeza yogwiritsidwapo kale ntchito kunja pa mtengo wotsika. Ndionetsetse chiyani?
Mnyamata wa ku Bembeke

YANKHO: Achimwene, ikakhala Sony funsani kumene inagulidwa koyamba. Zogulitsidwa pa msika wa ku Japan kawirikawiri zimakhala ndi menyu ya Chijapanizi chokha. Pemphani chithunzi chaposachedwa chosakonzedwa kuti muwerengerepo kuti shata yalira kangati. Ikakhala Z8, shata yoti ithe mulibe, koma tengani nambala yake n'kuiyesa pa tsamba la Nikon, chifukwa mu 2023 kampaniyi inaitanitsa ma Z8 ena oyambirira kuti iwakonze pomangira lenzi ndi pokolekera lamba. Wogulitsa akuonetseni umboni woti inakonzedwa ngati ili m'gulu limenelo.

Pa iliyonse, wogulitsayo ajambule khoma loyera pa f/16 n'kukutumizirani fayilo yonse, osati ya pa WhatsApp imene imafinyidwa. Timadontho tozungulira totuwa ndi fumbi ndipo timachoka. Mzere wowongoka ukhoza kukhala kukandika kwa sensa, imeneyo isiyeni. Powerengera mtengo onjezani msonkho wa MRA polowa m'dziko, ndiponso ndalama yotumizira kunja ikadzawonongeka, pakuti zipangizo za mkati mwa makamerawa sizipezeka wamba kuno.

Ikafika, yatsani m'menyu chotchinga sensa kamera ikazimitsidwa. Onse awiri ali nacho koma muyenera kuchiyatsa nokha. Pa fumbi la October sinthani lenzi kamera itazimitsidwa ndipo itayang'ana pansi, m'galimoto kapena m'nyumba ngati n'kotheka. Fumbi likalowabe, lipemereni ndi kampira kopopera mpweya, osati ndi pakamwa, chifukwa malovu amasiya madontho amene sachoka popanda timitengo topukutira sensa ta full-frame ndi mankhwala ake.