Tizigamba ta migration mu QEMU: kodi n'tofunika?

Wowerenga wina amene amayang'anira maseva wandilembera imelo. Akuti nthawi zonse akaona zosintha za QEMU (pulogalamu yoyendetsa makina ongoyerekezera, ma virtual machine, mkati mwa seva), gawo la live migration, kutanthauza kusamutsa makinawo ku seva ina ali moyaka, limakhala ndi tizigamba (ma patch) tambiri tokonza mauthenga a zolakwika ndi kutseka modontha memory (pamene pulogalamu yatenga memory osaibweza). Akufunsa ngati timeneti tili ndi ntchito kwa iwo, kapena ndi olemba pulogalamu akungosesa m'nyumba mwawo.

Tili ndi ntchito, achimwene, ndipo ziwirizo gwero lake ndi limodzi: zomwe zimachitika kusamutsa kukalephera.

Posamutsa makina ali moyaka, QEMU imakopera RAM ku seva ina, n'kubwereza mapeji amene asintha, mpaka otsala achepe moti makina angaime mamilisekondi osapitirira 300, malire amene QEMU imabwera nawo. Njira imeneyi imayesedwa tsiku lililonse. Koma netiweki ikaduka pakati, khodi imalowa m'mizere imene sipondedwa kawirikawiri. QEMU inalembedwa m'chinenero cha C, choncho chilichonse chimene function yatenga iyenera kubweza yokha. Ikatuluka msanga chifukwa cha vuto, kubwezako n'kumene kumaiwalika.

Taganizirani mbali imene kudonthako kumapweteka. Ku seva yolandira, nthawi zambiri QEMU imangotseka zikakanika, memory yonse n'kubwerera. Ku seva yotumiza makina amapitiriza kuyenda, mwina miyezi, ndipo libvirt (pulogalamu yoyang'anira QEMU) kapena inuyo mukayesanso, kadontho kena kamawonjezeka. Kakakhala ka file descriptor (nambala ya fayilo kapena kulumikizana kotsegula) kapena thread (kanjira ka ntchito mkati mwa pulogalamu), osati memory yokha, mudzakamva msanga. N'chifukwa chake mumaona g_autofree ndi g_autoptr za laibulale ya GLib, zimene zimabweza memory zokha, zikulowa m'malo momasula pamanja, ndipo zambiri mwa zolakwikazi zimagwidwa ndi zida zofufuzira khodi monga AddressSanitizer, Valgrind kapena Coverity.

Za mauthenga ndiye zimandikhudza kwambiri. Khodi yakale inkangobweza nambala ngati -EINVAL, inu n'kuona "load of migration failed: Invalid argument" basi. Chalakwika n'chiyani, pa chipangizo chiti? Zii. Kwina inkagwiritsa ntchito error_report, imene imalemba mu logi ya seva imeneyo yokha, pulogalamu yoyang'anira osamva kanthu. Tizigambato timadutsitsa Error **errp, chonyamulira uthenga wa vuto, m'ma function onse, kuti chifukwa chenicheni cholembedwa ndi error_setg chikafike ku migrate_set_error, n'kuonekera pa error-desc mukafunsa query-migrate, lamulo lofunsira mmene kusamutsa kukuyendera. Function ya migrate_set_error imasunga vuto loyamba lokha, ndipo n'zanzeru, pakuti ndi multifd (kutumiza RAM pa njira zingapo nthawi imodzi) ma thread angapo amagwa motsatizana, otsatirawo akungodandaula kuti njira yatsekeka. Chodabwitsa n'chakuti Error nayenso ndi memory: mukaiwala error_free, uthenga wa vuto umasanduka kudontha kwina.

Ndiye musinthe? Ngati simusamutsa makina kawirikawiri, dikirani zosintha za distro yanu (mtundu wa Linux umene mumagwiritsa ntchito). Ngati mumakhuthula maseva mlungu uliwonse, makamaka ndi postcopy (makina amayamba kuyenda ku seva yolandira RAM isanathe kukopedwa), imene inabwera mu QEMU 2.5 mu 2015 ndipo kuduka kwa netiweki kumasiya RAM itagawika pa maseva awiri, tengani QEMU yatsopano ya stable (yokhazikika). Iyeseni kaye pa makina osafunika: dulani netiweki dala pakati pa kusamutsa, muone zimene lamulo la info migrate likuuzeni.