Kupeza aphunzitsi anzathu akunja: yambani ndi mmodzi

Madamu, mwafunsa kuti mphunzitsi wa kuno ku Mzuzu angapeze bwanji anzake akunja ogawana nawo nzeru pa intaneti, pomwe bandulo ndi yodula komanso sukulu ilibe kompyuta. Foni muli nayoyo ndi yokwanira. Koma musathamangire kulowa m'magulu ambirimbiri a Facebook. Mungothera bandulo kuwerenga za eni. Pezani mphunzitsi mmodzi wa phunziro lanu lomwelo, mugwirizane kantchito kamodzi koti ana anu ndi ake achite kwa milungu ingapo.

Kwa ife a kumpoto, khomo lapafupi ndi Scotland. Ubale wathu ndi anthu amenewa ndi wakalekale, kuyambira nthawi ya mmishonale Robert Laws ku Livingstonia, ndipo mu 2005 boma la Scotland ndi la Malawi anasainirana mgwirizano. Bungwe la Scotland Malawi Partnership, limodzi ndi linzake la kuno la Malawi Scotland Partnership, limathandiza masukulu a mbali ziwirizi kupalana ubwenzi. Alembereni. Kwina ndi ku bungwe la iEARN, lomwe linayamba mu 1988 polumikiza masukulu a ku Moscow ndi a ku New York. Kumeneko ntchito zochitira limodzi zilipo kale, inu mumangosankha yokomera kalasi yanu, kungoti mufunsiretu za ndalama ya umembala chifukwa imasiyana dziko ndi dziko. Ngati chomwe mukufuna ndi kunola kaphunzitsidwe kanu, tsitsani zolemba za TESSA, zimene Open University ya ku Britain inakonza pamodzi ndi aphunzitsi a muno mu Africa. Ndi zaulere.

Pamene ndikufuna mumvetsetse ndi pa kalata yoyamba. Chonde, isakhale yopempha mabuku, malaputopu kapena ndalama zomangira buloko. Ubwenzi woyamba ndi pempho sukhalitsa: winayo amasanduka wopereka, inu wolandira, ndipo tsiku lomwe katundu wasiya kubwera, mauthenga nawo amasiya. Zimandiwawa kuona mphunzitsi waluso akudzichepetsa chotero, chikhalirecho ali ndi zambiri zoti awaphunzitse azunguwo. Inu mumaphunzitsa kalasi yodzaza mpaka pakhomo, ana n'kumva. Mumadziwa TALULAR, kusandutsa zitsekerero za mabotolo ndi makatoni kukhala zipangizo za masamu. Ana anu amalankhula Chitumbuka kunyumba, n'kumaphunzira Chichewa ndi Chingerezi kusukulu, pomwe aphunzitsi ambiri a ku Ulaya akuvutika ndi mmene angathandizire ana obwera ndi zilankhulo zina. Paja amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Kwa iwo mlendoyo ndinu. Choncho m'kalatamo tchulani kalasi yanu, msinkhu wa ana, phunziro, ndi chomwe mukufuna kuchitira limodzi, basi.

Kantchito kosavuta ndi koyeza mvula. Ana adule botolo lapulasitiki, amatepo rula, aliike pabwalo, ndipo m'mawa uliwonse azilemba mamilimita a madzi. Anzawo achitenso chimodzimodzi kwawo. Lachisanu muzitumizirana chithunzi cha tebulo la manambala, ana ajambule magirafu n'kufunsana mafunso. Mvula ya ku Mzuzu simusowa choyeza, ndipo masamu, sayansi ndi Chingerezi zalowa zonse pamodzi. Nthawi yabwino ndi Januwale mpaka Malichi, pamene masukulu a mbali zonse ali otsegula. Dziwani kuti ku Scotland amatsekera kumapeto kwa Juni mpaka pakati pa Ogasiti, ndiye mnzanuyo akakhala chete miyezi imeneyo sikuti wakutayani.

Za kuonana pa vidiyo musavutike nazo poyamba. Netiweki imadula, magetsi amazima, ana amakhumudwa. Mauthenga a mawu pa WhatsApp ndi zithunzi za makalata olemba pamanja zimadya bandulo yochepa, ndipo aliyense amayankha pa nthawi yake. Mukadzafuna kuimbirana, kumbukirani kuti Britain imatsalira ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndi maola awiri miyezi inayo.

Musanatumize chithunzi cha mwana aliyense, ahedi adziwe, makolo avomere, ndipo mayina onse a ana asalembedwe. Mauthenga onse azidzera kwa inu, ana asapatsane manambala. A PEA, alangizi a zamaphunziro a m'zoni yanu, nawonso auzeni. Mwina adzakupatsani mpata ku TDC, malo osulira aphunzitsi, kuti mufotokozere aphunzitsi a zoni yanu.

Chenjeraninso ndi akathyali. Dzina lanu likangoyamba kuoneka m'magulu a aphunzitsi, mudzalandira makalata okuitanirani ku msonkhano ku London kapena ku Canada, ati tikiti ndi malo ogona alipira, inu mungotumiza kandalama kolembetsera kapena ka viza. Musatumize ngakhale tambala. Fufuzani kaye pa webusaiti yeniyeni ya bungwe lomwe atchulalo.

Mukalemba kalata yanu yoyamba ija, iponyeni muno tiionere limodzi musanaitumize.