Cranberry sauce ija inandiwotcha nsidze pa Khisimasi

Asisi inu mwanditokosola chilonda, ndimati ndingodutsa koma mtima wakana. Zoti kuchimuna akuuzani kuti cranberry sauce ya pa Khisimasi mukonze inu muthiremo ndi kamowa ka malalanje, zanganso zinayamba chonchi ndendende, chaka choyamba nditakwatiwa kuno ku Leeds ku England, ndisanadziwe ngakhale kuti zipatso za cranberry, tizipatso tofiira towawasa topangira sauce imeneyi, zimaoneka bwanji zisanalowe m'botolo.

Anandipatsa ntchitoyo ndi alamu anga, achemwali awo a bambo akunyumba, akumwetulira bwinobwino ati ndi kanthu kophweka sungalakwitse. Ndiye ine kufuna kuonetsa kuti mwana wa ku Ntcheu amadziwa kukhitchini, ndinakagula mapaketi awiri a zipatso ndi botolo lathunthu la Grand Marnier, mowa wa malalanjewo, ndalama yake mpaka lero ndikaikumbukira mutu umandiwawa. Nditafika kunyumba ndinatafuna kamodzi kosaphika, mayo ine, bwemba achepa, masaya anachita kukokana. Ndinawaimbira alamu aja kufunsa kuti mowawu ndithire wochuluka bwanji, iwo ati ingothirani musaope, ukawira umauluka wonse. Bodza limenelo asisi, wina umauluka inde koma wambiri umatsala, makamaka chinthu chongophika mphindi 10.

Mmawa wa pa 25 ndinatenga sefuliya yanga ya aluminiyamu yomwe ndinachoka nayo ku Malawi, ija ndimaphikira nsima, nkuikamo zipatso, shuga, madzi, kenaka lalanje lonse ndinangoliduladula ndi makoko omwe poti ndinkati fungo lichuluke. Zinayamba kuphulika kuti thu thu thu ngati mbuliwuli, timadontho tofiira kuthothokera pa khoma ndi pa bulauzi yoyera yomwe ndinali nditavaliratu, inenso kupusa kuphika nditatchena kale. Ndiye pamene ndinatsegula botolo lija nkuyamba kukhuthula molunjika mu poto, gasi ali chiyakire. Mowa umenewu ndi wa 40 peresenti, muli cognac mkatimo, si Fanta. Ndinangomva kuti vuu, lawi labuluu kukwera mpaka pa kabati, nkhope yonse kutentha, fungo la tsitsi lopserera ngati tikuwaula nkhuku. Nsidze ya kumanja theka inapita, kutsogolo kwa wigi kunapotana. Alamu ya utsi inayamba kulira nyumba yonse, bambo akunyumba kutuluka ku bafa ndi thovu akukupiza thaulo kudenga, ine ndaima ndi mthiko mmanja ndikungoti Yesu Yesu. Mwamwayi ndinakumbuka kuvundikira ndi chivindikiro moto nkuzima, ndikanathira madzi kaya zikanatha bwanji.

Koma sizinathere pompo. Nditavundukula ndinaona zili madzimadzi ngati sobo, mtima unagunda ndinati zalephereka, ndinabwezera pa moto nkuphikanso mwina theka la ola, kuwonjezera ndi ufa wa cornflour masipuni awiri ngati ndikukonza phala. Palibe anandiuza kuti zipatsozi zili ndi pectin wambiri, uja amalimbitsa jamu, zikaphulika amatuluka ndipo sauce imagwirana yokha ikazizira, ikakhala ya moto imaoneka yamadzi basi ndi mmene ilili. Pofika kwa apongozi inali italimba ngati chinaka, nditatembenuza mbale inatuluka yathunthu ndi chizindikiro cha pansi pa mbale, mtundu wake wodera osati kufiira kowala kuja, sefuliya nayo mkati itasintha mtundu chifukwa asidi wa zipatsozi sagwirizana ndi aluminiyamu.

Tinakhala pa tebulo anthu 11, aliyense chipewa cha pepala kumutu, nkhukundembo pakati, timakabichi tawo tija, ine nsidze yojambula ndi pensulo. Apongozi aamuna, munthu wabwino Mulungu awadalitse, anatenga mpeni nkudula kagawo, kudula asisi, sauce yodula ndi mpeni, anaika mkamwa nkukhala chete kanthawi maso atayamba misozi, ati ndi yamphamvu. Inali yowawa ngati kwinini chifukwa cha khungu loyera la mkati mwa lalanje lija, pamwamba pake mowa kuchita kubaya mphuno. Mwana wa alamu wa zaka 7 anatambasula dzanja mayi ake nkumumenya pa dzanja ati iyi si ya ana. Kenaka mayiyo anawerama nkupisa mu handibagi, kutulutsa kabotolo ka cranberry sauce kogula ku shopu, ati ndinangotengako poopa kuti mwina. Poopa kuti mwina! Ndiye kuti pamene ankandiuza ingothirani musaope kabotoloko anali atagula kale. Mmawa alamu ya utsi inandilirira, masana alamu a munthu anandiseka, mpaka nthawi ija mfumukazi ya ku Britain ankalankhula pa TV 3 koloko ine ndinali ndadzitsekera ku toileti ndikulira mwakachetechete kuti asandimve. Mpaka lero mayi ameneyo Khisimasi iliyonse amafunsa ngati ozimitsa moto tawadziwitsa, anthu nkumaseka, ine ndimasekanso koma mumtima ndimadziwa ndekha. Ndipo bambo akunyumba amati ndimakokomeza, mlongo wawo ndi wanthabwala chabe, eya.

Ndiye inu musaope, ndi chinthu chophweka kwambiri, chosafuna ndi theka la ola lomwe. Paketi ya magalamu 300 ine ndimaika shuga pafupifupi magalamu 150, madzi a lalanje limodzi ndi timadzi pang'ono kuti zonse zikwane ngati theka la kapu, ndi khungu la lalanje lopala pamwamba pokha poyera paja osafikapo. Poto akhale wa stainless steel. Moto wapakati, mphindi 10 kapena kupitirira pang'ono, zambiri zikaphulika chotsani ngakhale zikuoneka zamadzi, manja anu akayamba kuyabwa kufuna cornflour akhalireni. Lawani, ikawawasa kwambiri onjezani shuga ikadali ya moto. Mowa muthire mutazimitsa gasi ndipo poto mutamuchotsa pa chitofu, muyeze mu sipuni kaye osati kuchokera m'botolo, masipuni aakulu awiri akwana. Ngakhale ine masiku ano ndimaika anayi chifukwa awiri sindimva kanthu, ndipo apongozi aamuna amaitha mbale yonse. Cointreau, mowa winanso wa malalanje, imachitanso bwino, kukoma kwa lalanje kumamveka koyera kuposa, ndipo ngati mupeza timabotolo ting'onoting'ono tija gulani kamodzi, langa lalikulu lija linakhala mu kabati zaka. Mukapeza zipatsozo zatha mu shopu, za mufiriji zimachita chimodzimodzi, simufunikanso kuzisungunula.

Phikani pa 23, mu fuliji imakhala sabata osavuta ndipo imakoma kwambiri ikagona. Mupatule kambale kena musanathire mowa chifukwa cha ana ndi ena osamwa, kuli anthu a mpingo ndi ena oyembekezera sanena msanga. Amene muli kumudzi mukufunsa mmakomenti kuti cranberry nchiyani, chidede chimayandikira kwambiri, kuwawasa ndi kufiira komweko, ku America ena amachitcha Florida cranberry, ndinayesapo ndi chouma chomwe amayi ananditumizira anthu sanadandaule.

Za alamu anuwo musawafunse kanthu kalikonse, funsani apongozi aakazi mmene amaikondera, ena amafuna zipatso zizioneka ena yosalala. Muphike nokha ndi manja anu asakuderereni, zogula ku shopu ndi shuga yekhayekha. Komabe kabotolo kamodzi mugule mukabise mu handibagi, ine chaka chilichonse kamakhalamo, sindinakatsegulepo koma sindipita kopanda iko.