Yankho kwa alamu pa nkhani yoika injini ya 2JZ mu BMW E30

Alamu, uthenga wanu ndaumva. Mwafunsa ngati n'zotheka kuchotsa injini mu BMW E30 318i imene mwaipeza ku Johannesburg n'kuikamo Toyota 2JZ-GTE, komanso ngati muyambe mwagula injiniyo pamene ndalama zilipo. Kutheka n'zotheka ndithu, ndipo ambiri anachitapo kale, koma ine ndikukupemphani kuti injiniyo muigule pamapeto, galimotoyo itakonzeka kuilandira.

2JZ-GTE ndi injini ya malita 3, ya masilinda 6 ondandalikana mzere umodzi, yokhala ndi ma turbo awiri (zipangizo zokankhira mpweya wambiri mu injini kuti mphamvu ichuluke). Inayamba kutuluka mu Toyota Aristo mu 1991, kenako inalowa mu Supra mu 1993, ndipo ku Japan ankailemba kuti ili ndi mphamvu ya 280 horsepower. Anthu amaikonda chifukwa buloko yake, thunthu la injini lokhalamo masilinda, ndi ya chitsulo cholimba chimene chimapirira ngakhale munthu atawonjezera mphamvu kwambiri, koma chitsulo chomwecho n'cholemera, ndipo kulemera konseko kudzakhala kutsogolo kwa galimoto imene inapangidwira injini ya masilinda 4, ya malita 1.8, ya mphamvu yongopitirira pang'ono 100.

Choncho yambani ndi thupi la galimotoyo. Chotsani mipando, mufunyulule kapeti, mutenge sikuludiraiva n'kumabaya pansi, makamaka m'malo ojekera ndi pamene pamangidwa mashoko akumbuyo. Ngati chitsulo chikufumbutuka ngati chikhungwa cha mtengo wofumbwa, kawotchereni kaye, chifukwa penti yonyezimira imabisa dzimbiri lambiri. Mukatero muone difu, bokosi la magiya logawira mphamvu ku mateyala akumbuyo. Ya 318i ndi yaing'ono, ndipo siichedwa kuguluka mano ikalandira mphamvu yotere, motero mufunika ija yokulirapo ya mu 325i pamodzi ndi mashafuti ake. Ma 318i ambiri alinso ndi mabuleki a dramu kumbuyo, ndipo ine sindingalole mlongo wanga kukwera galimoto ya turbo yoima ndi mabuleki amenewo.

Tsopano za injini yeniyeniyo. E30 imafuna sampu imene chidikha chake cha oyilo chili kutsogolo, ndipo 2JZ yochokera mu Aristo imabwera ndi sampu yotero, pamene ya mu Supra siikhala bwino. Vuto lake n'lakuti Aristo inkatuluka ndi giyabokosi ya otomatiki yokha, choncho ngati mukufuna magiya a pamanja mudzafunafuna giyabokosi ya Toyota yotchedwa R154 ya magiya 5, pakuti Getrag V160 ya magiya 6 mtengo wake umatha kuposa wa galimoto yonseyo. Pamwamba pa zimenezo pali kilachi, mamawunting'i osula mwapadera, ndi propshaft (shafuti yolumikiza giyabokosi ndi difu) yodula molingana ndi utali watsopano. Chimene ambiri amachizindikira mochedwa n'chakuti ma turbo a 2JZ ali mbali ya kumanja, komwenso kumadutsa ndodo ya chiwongolero m'galimoto za kuno kwathu, ndipo malo ake ndi opanikizika moti amisiri ambiri amachotsa awiriwo n'kuika turbo imodzi pa manifodi opangitsa (mapaipi otulutsa utsi mu injini). Kutentha kwa pamenepo kumapsereza mawaya ndi mapaipi, choncho pamafunika zotchingira moto, radiyeta yaikulu ndi intercooler (choziziritsa mpweya wochokera mu turbo) kutsogolo.

Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, kumene mpweya ndi wopepuka ndipo injini zopanda turbo zimafooka, ndiye chifukwa chake turbo imakoma kumeneko. Komabe muzithira petulo wa octane 95, osati wa 93, ndipo kompyuta ya injini ikachunidwe pa dyno (makina oyezera mphamvu ya injini) ndi munthu wodziwa, chifukwa petulo wolowa m'masilinda akachepa pamene turbo ikukankha mpweya, pisitoni imasungunuka m'kanthawi kochepa.

Za mapepala musazipeputse, makamaka inu amene muli m'dziko la eni. Nambala ya injini ikasintha, apolisi a ku South Africa (SAPS) ayenera kuiona ndi kupereka chikalata chotsimikiza kuti siyakuba, galimoto iyesedwenso ngati ndi yoyenera pamsewu, ndipo nambala yatsopanoyo ilowe mu eNaTIS, kaundula wa boma wa galimoto. Wogulitsa amene sakupereka lisiti yolembapo nambala ya injini musiyeni, ngakhale atatsitsa mtengo motani. A inshuwalansi nawonso auzidwe, apo ayi adzakana kulipira ngozi ikachitika.

Ikanakhala 325iS yeniyeni, E30 yapadera ija ankapanga ku fakitale ya BMW ya ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, ndipo achinyamata amaitcha gusheshe, ndikanakuletsani kuidula, chifukwa zatsala zochepa ndipo mtengo wake uli m'kukhala momwe inatulukira. Koma 318i wamba mutha kuigwira popanda chisoni. Munditumizire zithunzi za pansi pa kapeti, za difu ndi za mabuleki akumbuyo, kuti tiwerengere limodzi ndalama za gawo loyambali musanalankhule ndi wogulitsa injini aliyense.