Chimfine chosatha ndi mphumu: agogo akuyankha

Mdzukulu wa ku Chibavi wafunsa: "Agogo, mphuno zanga n'zotseka kuyambira kalekale, usiku ndimabanika ndi mphumu. Adokotala akuti opaleshoni, azakhali akuti ndizifwenkha fodya. Ndimvere ndani? Nanga opaleshoniyo ichotsa mphumu?"

Mdzukulu wanga, chimfine wamba chimatha pa sabata imodzi kapena awiri. Chikapitirira masabata 12, mamina olimba, nkhope kulemera ukawerama, fungo la ndiwo osalimva, ndiye kuti timphako ta m'mafupa a masaya ndi pachipumi tatupa, njira zotulutsira mamina zatsekeka. Ena amamera tinyama tofewa m'mphuno.

Mphuno ndi mapapo ndi njira imodzi. Mphuno imasefa fumbi, kufunditsa mpweya ndi kuunyowetsa. Ikatseka umapumira kukamwa, ndiye mpweya wozizira wa Juni ndi Julayi kuno ku Mzuzu umafika m'chifuwa wosasefedwa, timisempha ta mpweya n'kufinyika. Ukagona mamina amatsikira kukhosi, chifuwa n'kuyamba. Kutupa kwa m'mphuno ndi kwa mphumu n'kwa mtundu umodzi, kwina kukayaka kwina kumayakanso.

Azakhali uwathokoze utagwada, koma fodyayo ayi, amapsereza pamene patupa kale. Utsi wa mbaula nawonso umabanikitsa, ndipo kutsegula zenera pamene akuluakulu akuwotha si mwano. Pempha kaye, kenako tsegula. Makala ayambe ayakira panja.

Mpeni usanafike, pali ntchito ya tsiku ndi tsiku. Wiritsa madzi, azizire mpaka ofunda. Mu kapu ya mamililita 250 sungunula theka la supuni ya tiyi ya mchere. Werama pa beseni, kamwa yasamula, uthire ndi sirinji yopanda singano mphuno imodzi, madzi atulukire inayo, m'mawa ndi madzulo. Madzi osawiritsa amalowetsa tizilombo. Mchere ukachuluka umawotcha. Ukatsuka ndi pamene upopere mankhwala a adokotala monga beclomethasone, uloze kumbali ya khutu, osati pakati pa mphuno, kuopa kamfuno. Amagwira pakapita masabata, ndiye ambiri amagwa ulesi msanga. Madontho otsegula mphuno ogula kufamase asapitirire masiku 7, chifukwa ukawazolowera mphuno imatsekeratu.

Zikakanika ndi pamene amachita opaleshoni. Salenga bala pankhope: amalowetsa kakamera m'mphuno, kuchotsa tinyama, kukulitsa njira. Ambiri a mphumu amapepukidwa, kubanika kumachepa, tulo amagona. Koma akawauzitsa m'makina oyezera mphamvu ya mapapo, kawirikawiri manambala sasintha kwenikweni. Choncho inhela, kopopera mankhwala a mphumu, usataye, mphumu ikadalipo, ndipo tinyama timatha kumeranso ukasiya kutsuka ndi kupopera.

Uwauze adokotala za mphumu yako asanakugoneke. Ngati unabanikapo utamwa aspirin, bulufeni kapena diclofenac, nenanso. Matenda a tinyama, mphumu ndi kudana ndi mankhwalawa amakonda kuyendera limodzi. Ukatuluka, kwa sabata kapena awiri usamine, usasenze ndowa, usapalase kabaza, ndipo poyetsemula yasamula kukamwa, cheukira kumbali, mpango pakamwa.

Diso likatupa, ukamaona zinthu ziwiriziwiri, mutu ukawawa ndi khosi kuuma, magazi akakana kuleka, kapena madzi oyera mbee akamadontha mphuno imodzi, thamangira ku chipatala cha Mzuzu Central tsiku lomwelo. Chifuwa chopitirira masabata awiri nachonso usangochinamizira mphuno. Kapereke makhololo ayeze TB.